Kujambula M'kati mwa Mtsempha Poika Sitenti: Phindu Lake ndi Malire Ake

Mtima umapopa magazi opita m'thupi lonse, koma nawonso umafuna magazi akeake kuti ugwire ntchito. Magaziwo amaufikira kudzera m'mitsempha ing'onoing'ono yomwe inayanga pamwamba pake, ndipo yambiri mwa iyo sipitirira mamilimita 4 m'mimba mwake. Mafuta akaunjikana m'khoma la mtsempha wotere, njira ya magazi imachepa, ndipo munthu amayamba kumva kuwawa pachifuwa akamakwera chitunda kapena akamagwira ntchito yolemetsa. Njirayo ikatsekeka mwadzidzidzi, mbali ina ya mnofu wa mtima imayamba kufa, vuto lomwe achipatala amalitcha heart attack. Masiku ano mtsempha wotere amautsegula poikamo sitenti, kachubu kolukidwa ndi timawaya tachitsulo komwe kamatsala momwemo kuti mtsemphawo usafinyikenso. Pali mfundo imodzi yokhudza ntchitoyi imene madokotala a mtima akhala akukambirana kwa zaka zoposa 30: kodi poika sitenti n'kokwanira kudalira chithunzi cha ekisire, kapena pamafunikanso kulowetsa kachipangizo kojambula m'kati mwenimweni mwa mtsemphawo?

Njira yakale ndiponso yofala kwambiri ndi ija yotchedwa angiography. Dokotala amalowetsa kachubu kakatali kowonda mu mtsempha wa pamkono pafupi ndi dzanja, kapena wa m'mphechepeche, n'kukakankhira mpaka kafike pakhomo pa mitsempha ya mtima. Kenako amapoperamo mankhwala amadzi onga utoto omwe amaoneka pa ekisire, ndipo pa kanema pamatuluka njira yonse imene magazi akudutsa. Mason Sones wa ku Cleveland Clinic ku America ndiye anayambitsa njirayi mu 1958. Mu 1977 Andreas Grüntzig anatsegula koyamba mtsempha wa mtima ndi kabaluni ku Zurich, ndipo mu 1986 Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne anaika masitenti oyamba m'mitsempha ya mtima ya anthu. Kuchokera nthawi imeneyo odwala mamiliyoni athandizidwa dokotala akuyang'ana chithunzi cha ekisire chokha.

Kufooka kwa angiography ndi kwakuti imaonetsa njira ya magazi yokha, chonsecho matendawo amakhala m'khoma la mtsempha. Zili ngati kuyeza kukula kwa mtengo poyang'ana mthunzi wake: munthu akhoza kuyandikira choonadi, koma mthunzi umasintha malinga ndi komwe kuwala kukuchokera. Mafuta akaunjikana mbali imodzi ya khoma, mtsempha ungaoneke wabwinobwino ukajambulidwa kuchokera uku, n'kuoneka wofinyika ukajambulidwa kuchokera uko. Nthambi za mitsempha zimatha kuphimbana pa chithunzi. Komanso malo omwe dokotala amawaona ngati abwino n'kuyezerapo kukula kwa sitenti nthawi zambiri amakhala atagwidwa kale ndi matenda omwewo, motero sitenti yosankhidwayo ikhoza kukhala yaing'ono kuposa imene ikanayenera.

Zipangizo zojambula m'kati mwa mtsempha zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Choyamba ndi IVUS, chomwe chinayamba kugwiritsidwa ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa amene anachiyambitsa ndi Paul Yock wa ku California. Chimagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, monga zimachitikira pa sikani ya amayi oyembekezera, kungoti kachipangizo kotulutsa mafundewo kamakhala kunsonga kwa kachubu kolowa mu mtsempha. Chachiwiri ndi OCT, chomwe chimagwiritsa ntchito kuwala. Njirayi inatulukira ku yunivesite ya MIT ku America mu 1991 m'gulu la James Fujimoto, ndipo inayamba yathandiza madokotala a maso isanafike kwa a mtima. Chithunzi cha OCT chimaonetsa tinthu tating'ono kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi IVUS, koma kuwalako kumangolowa milimita imodzi kapena mamilimita awiri m'khoma, ndipo sikudutsa m'magazi. Choncho pojambula ndi OCT amayamba akankha magazi kwa masekondi ochepa popoperamo utoto uja. IVUS imaona mozama ndipo sifuna kuchotsa magazi, koma chithunzi chake sichiwala bwino ngati cha inzakeyo.

Zipangizozi zimathandiza dokotala pa nthawi ziwiri. Sitenti isanaikidwe, zimaonetsa kukula kwenikweni kwa mtsempha, kutalika kwa malo odwalawo, ndiponso ngati khoma lauma ndi kashiamu moti likufunika kuphwanyidwa kapena kupalidwa kaye. Sitenti ikaikidwa, zimaonetsa ngati yatambasuka mokwanira, ngati timawaya take tatsamira khoma, ndiponso ngati khomalo lang'ambika kumapeto kwa sitentiyo. Pa zonsezi chachikulu ndi kutambasuka. Sitenti yosatambasuka bwino ndiyo kawirikawiri imadzachepanso pakapita miyezi, kapena magazi amaundanamo mwadzidzidzi, zomwe zimatha kupha munthu. Mpaka apa palibe amene amatsutsa. Kusiyana maganizo kumayamba pa funso lakuti kuona bwino kotereku kumasintha motani moyo wa wodwala, ndipo ndi wodwala uti amene amapinduladi.

Amene amalimbikitsa kujambula m'kati amayamba ndi mbiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, magazi ankaundana m'masitenti kawirikawiri, ndipo pofuna kupewa zimenezi odwala ankapatsidwa mankhwala amphamvu osungunula magazi, omwenso ankawachititsa kutaya magazi ndi kukhalitsa m'chipatala. Ambiri ankaganiza kuti vuto ndi chitsulo chenichenicho. Antonio Colombo ndi anzake ku Milan atayang'ana ndi IVUS anapeza kuti masitenti ambiri omwe ankaoneka abwino pa ekisire anali osatambasuka mokwanira. Mu 1995 iwo anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti sitenti ikatambasulidwa ndi baluni yopopedwa mwamphamvu, mankhwala oopsawo sakhala ofunikanso, ndipo mankhwala opepukirapo onga asipirini ndi anzake amakwanira. Zimenezi zinasintha ntchito yonse yoika masitenti padziko lapansi. Olimbikitsawo amati chipangizo chomwe chinavumbula cholakwa chachikulu chotere sichiyenera kusiyidwa m'kabati.

Komabe, mbiri yomweyi ikhoza kuwerengedwa mwanjira ina. Phunziro la ku Milan linafalikira kwa madokotala onse, kuphatikizapo amene sagwiritsa ntchito IVUS. Lero dokotala wodziwa ntchito amatambasula sitenti mwamphamvu ngakhale akuyang'ana ekisire yokha. Masitenti nawonso anasintha: kuyambira cha m'ma 2002 kunabwera okutidwa ndi mankhwala oletsa mnofu kumera m'kati mwake, ndipo atsopano ali ndi timawaya towonda kuposa akale. Kafukufuku wa ku South Korea wotchedwa GUIDE-DES, wa odwala 1,528, anayerekeza IVUS ndi njira yoyeza chithunzi cha ekisire mosamala ndi kompyuta kenako n'kutambasula sitenti motsatira muyesowo. Patatha chaka, odwala omwe anakumana ndi vuto pa malo a sitentiwo anali pafupifupi 3.8 peresenti m'magulu onse awiri. Tingati mbali ina ya phindu la IVUS inalowa kale m'manja mwa madokotala, ndipo ekisire yogwiritsidwa ntchito mwadongosolo si yofooka monga ena amanenera.

Olimbikitsa kujambula amayankha ndi akafukufuku akuluakulu omwe odwala anagawidwa m'magulu mwa maere. Mu 2015 kafukufuku wa IVUS-XPL ku South Korea, wa odwala 1,400 ofunika masitenti aatali, anapeza mavuto aakulu a mtima mwa 2.9 peresenti ya ojambulidwa ndi IVUS ndi 5.8 peresenti ya enawo patatha chaka. Mu 2018 kafukufuku wa ULTIMATE ku China, wa odwala 1,448, anapeza 2.9 peresenti ndi 5.4 peresenti. Mu 2023 RENOVATE-COMPLEX-PCI, wa odwala 1,639 okhala ndi mitsempha yovuta, anapeza 7.7 peresenti ndi 12.3 peresenti, ndipo imfa zobwera chifukwa cha mtima zinali 1.7 peresenti ndi 3.8 peresenti. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Ulaya wotchedwa OCTOBER, wa odwala 1,201 omwe vuto lawo linali pamphambano ya mitsempha iwiri, anapeza 10.1 peresenti mwa ojambulidwa ndi OCT ndi 14.1 peresenti mwa enawo patatha zaka ziwiri. Mu 2024 IVUS-ACS, wa odwala 3,505 omwe mtsempha unali utangotsekeka kapena unali pafupi kutero, anapeza 4.0 peresenti ndi 7.3 peresenti. Akafukufuku asanu, ochitika m'maiko ndi zaka zosiyana, analoza kumodzi.

Kumbali ina, kafukufuku wamkulu kwambiri wa OCT sanaloze komweko. ILUMIEN IV anatenga odwala 2,487 m'zipatala 80 za m'maiko 18, onse odwala shuga kapena okhala ndi mitsempha yovuta, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023 pamodzi ndi za OCTOBER. Masitenti oikidwa motsogozedwa ndi OCT anatambasukadi mokulirapo, masikweya milimita 5.72 poyerekeza ndi 5.36. Koma patatha zaka ziwiri, odwala omwe anamwalira ndi mtima, kapena anadwala heart attack pa mtsempha womwewo, kapena anabwereranso kukatsegulidwa, anali 7.4 peresenti m'gulu la OCT ndi 8.2 peresenti m'gulu la ekisire. Kusiyana kumeneku n'kochepa moti kukhoza kungochitika mwangozi. Okayikira amati uwu ndiwo kafukufuku wofanana kwambiri ndi mmene zinthu zilili m'zipatala zambiri, popeza unachitika m'maiko ambiri ndi madokotala a luso losiyanasiyana.

Zotsatira za ILUMIEN IV zimafunika kuziyang'ana modekha, pakuti mbali zonse ziwiri zimapezamo chogwira. Kuundana kwa magazi mu sitenti, lomwe ndi vuto loopsa koposa, kunachitika mwa 0.5 peresenti ya ojambulidwa ndi OCT ndi 1.4 peresenti ya enawo. Kafukufukuyu anachitikanso nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene anthu ambiri ankaopa kupita kuchipatala, ndipo ochita kafukufukuwo ananena kuti mwina zimenezi zinachepetsa chiwerengero cha obwereranso kukatsegulidwa m'magulu onse awiri. Ngakhale zili choncho, funso lalikulu limene kafukufukuyu anakonzedwera kuti ayankhe pa nkhani ya moyo wa odwala silinayankhidwe mokomera OCT, ndipo sikuyenera kutola zotsatira zing'onozing'ono zokoma n'kuiwala chachikulucho. Choonadi chake n'chakuti kafukufukuyu sanatsimikize phindu, komanso sanaonetse kuti palibe phindu.

Pofuna kuthetsa kusagwirizana kotere, akatswiri amaphatikiza akafukufuku onse pamodzi. Mu 2024 Gregg Stone ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuwunika kwa akafukufuku 22 a odwala 15,964. Anapeza kuti kujambula m'kati kunachepetsa kulephera kwa sitenti ndi pafupifupi 29 peresenti, kuundana kwa magazi mu sitenti ndi pafupifupi theka, imfa za mtima ndi 45 peresenti, ndipo imfa zonse ndi 25 peresenti. Mabungwe a madokotala anasintha malangizo awo. Mu 2024 bungwe la European Society of Cardiology linaika IVUS ndi OCT pa mlingo wapamwamba kwambiri wa malangizo ake pa mitsempha yovuta, makamaka mtsempha waukulu wakumanzere, mphambano, ndi malo aatali odwala. Mu 2025 mabungwe a ku America, American College of Cardiology ndi American Heart Association, anachita chimodzimodzi pa odwala obwera mwadzidzidzi omwe mitsempha yawo ndi yovuta. Kwa olimbikitsa kujambula, nkhani inathera pamenepo.

Komabe, kuphatikiza akafukufuku sikuchotsa zofooka zomwe zili mwa aliyense. Choyamba, dokotala sangabisiridwe njira imene akugwiritsa ntchito, ndipo mbali yaikulu ya mavuto owerengedwa ndi kubwereranso kukatsegulidwa, chomwe ndi chigamulo cha dokotala. Mu IVUS-XPL pafupifupi kusiyana konse kunachokera pamenepa. Chachiwiri, akafukufuku ambiri okomera kujambula anachitika ku South Korea ndi ku China, m'zipatala zazikulu zomwe madokotala ake amajambula m'kati tsiku ndi tsiku, ndipo palibe chitsimikizo kuti dokotala wochita zimenezi mwa apo ndi apo angapeze zotsatira zofanana. Chachitatu, makampani opanga zipangizozi, monga Abbott ndi Boston Scientific, anathandiza ndi ndalama akafukufuku angapo mwa awa. Mfundo yachitatuyi siyenera kukokomezedwa, chifukwa ILUMIEN IV nayenso analipiridwa ndi Abbott koma zotsatira zake zosakomera kampaniyo zinafalitsidwa poyera. Chachinayi, malangizo omwe atchulidwawo akunena za mitsempha yovuta, ndipo sanalamule kujambula wodwala aliyense.

Manambala a peresenti nawonso amatha kusocheretsa ngati munthu sayang'ana kukula kwa ngozi imene wodwala anali nayo poyamba. Mu RENOVATE-COMPLEX-PCI kusiyana kwa 12.3 ndi 7.7 kukutanthauza kuti pa odwala pafupifupi 22 ojambulidwa, mmodzi amapulumuka ku vuto lomwe likanamugwera. Limeneli ndi phindu lalikulu pa zachipatala. Koma potengera ILUMIEN IV, pamafunika kujambula odwala oposa 100 kuti mmodzi apewe kuundana kwa magazi mu sitenti. Kwa munthu yemwe vuto lake lili pa malo aafupi, owongoka, opanda kashiamu, mu mtsempha waukulu bwino, ngozi imakhala yochepa kale, motero ngakhale itachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, anthu opindula amakhala owerengeka. Chipangizo n'chimodzi, koma kulemera kwa phindu lake kumadalira wodwala amene wagona pabedipo.

Pa nkhani ya chitetezo, olimbikitsa kujambula amati ngozi zake n'zochepa kwambiri, ndipo akafukufuku akuluakuluwa sanapeze kuti ojambulidwa anavulala kuposa anzawo. Amaonjezanso kuti IVUS imateteza impso. Utoto wogwiritsidwa ntchito pa ekisire umatha kuwononga impso zofooka, makamaka za okalamba ndi odwala shuga. Popeza IVUS imaona popanda utoto, dokotala akhoza kuchepetsa kwambiri umene akupopera. Kafukufuku waung'ono wa ku Brazil wotchedwa MOZART, wa mu 2014, anapeza kuti odwala othandizidwa ndi IVUS analandira pafupifupi mamililita 20 a utoto pamene enawo analandira oposa 60. Madokotala ena odziwa bwino njirayi amaika sitenti popanda utoto n'komwe mwa odwala omwe impso zawo zatsala pang'ono kuleka kugwira ntchito.

Kumbali ina, chilichonse cholowetsedwa mu mtsempha wa mtima chili ndi ngozi yake, ngakhale yochepa: mtsempha ukhoza kudzifinya, khoma likhoza kukalika, ndipo kachubuko kakhoza kukodwa pa timawaya ta sitenti. Ntchito imatalikanso. Mu ULTIMATE odwala ojambulidwa ndi IVUS anakhala pabedi pafupifupi mphindi 15 kuposa anzawo, ndipo kwa munthu amene mtima wake ukulephera kupopa, mphindi zoterezi zimawerengedwa. OCT imafuna utoto woonjezera, motero phindu la impso lija silikhudza zipangizo zonse ziwiri mofanana. Palinso vuto lobwera ndi kuona kwambiri. OCT imaonetsa ting'alu tating'ono ndi timawaya tosatsamira bwino tomwe tambiri timapola tokha. Dokotala wosazolowera akhoza kufuna kukonza chilichonse chomwe waona, n'kupopa baluni mopitirira muyeso kapena kuika sitenti ina yosafunika, ndipo potero angabweretse vuto lomwe panalibe.

Nkhani ya ndalama nayonso ili ndi mbali ziwiri. Olimbikitsa amati mtengo wa kachubu kojambulira uyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wa zimene kamapewetsa: kugonekedwanso m'chipatala, sitenti yachiwiri, opaleshoni yolambalalitsa mtsempha wotsekeka, masiku osagwira ntchito, ndi imfa ya munthu wodyetsa banja. Amatchula Japan, komwe inshuwaransi ya dziko imalipira zipangizozi ndipo masitenti oposa 80 pa 100 aliwonse amaikidwa mojambula m'kati. Ku America, komwe malipiro ake kwa nthawi yaitali sanali okopa, chiwerengerocho chinali chisanafike 20 pa 100 aliwonse pofika 2019. Kwa iwo kusiyana kumeneku kukusonyeza kuti chimene chimalepheretsa madokotala ambiri ndi kalipiridwe ndi chizolowezi, osati umboni wa sayansi.

Komabe, chitsanzo cha Japan chikhoza kutembenuzidwa: ngati kalipiridwe ndiko kamatsogolera, ndiye kuti kujambula kwambiri nakonso kungakhale chizolowezi chobwera ndi ndalama, osati umboni wakuti wodwala aliyense akufunika kujambulidwa. Kachubu kojambulira kamagwira ntchito kamodzi kokha n'kutayidwa, makina ake ndi okwera mtengo, ndipo amafuna anamwino ndi amisiri ophunzitsidwa. Ndalama zimenezi zimatuluka lero, pamene phindu limadzaoneka patsogolo, ndipo nthawi zambiri amene walipira si amene amadzapulumutsa ndalama. Kuwerengera komwe kumaonetsa kuti njirayi imabweza mtengo wake kunachitika m'maiko olemera, potengera mitengo ndi malipiro akumeneko. Chipatala chomwe chili ndi thumba lochepa chiyenera kudzifunsa ngati ndalama zojambulira odwala 100 sizikanathandiza anthu ambiri zikanagula masitenti a odwala omwe akudikira, kapena mankhwala a BP, a shuga ndi otsitsa mafuta m'magazi.

Pali mfundo imodzi imene mbali zonse ziwiri zimakumanapo, ndipo mwina ndiyo yofunika koposa. Chithunzi pachokha sichichiritsa munthu. Mu ULTIMATE ochita kafukufuku anaika miyeso yoonetsa kuti sitenti yaikidwa bwino: malo opapatiza kwambiri m'kati mwake apitirire masikweya milimita 5.0 kapena afike 90 peresenti ya kukula kwa mtsempha kutsogolo kwake, kumapeto kwa sitenti kusakhale mafuta ochuluka, ndipo khoma lisang'ambike mozama. Mwa odwala ojambulidwa ndi IVUS, ongopitirira theka ndi amene anakwanitsa miyeso yonseyi. Mwa okwanitsawo, mavuto anapezeka mwa 1.6 peresenti, pamene mwa osakwanitsawo anali 4.4 peresenti, chiwerengero chosatalikirana ndi cha omwe sanajambulidwe. Olimbikitsa amati izi zikusonyeza kukula kwa phindu pamene ntchito yagwiridwa bwino. Okayikira amati zikusonyeza kuti kugula makina popanda kuphunzitsa anthu n'kutaya ndalama, ndiponso kuti mitsempha ina ndi youma moti singatambasuke ngakhale dokotala aione bwino chotani. Onse akunena zoona.

Funso lakuti chabwino n'chiti pakati pa IVUS ndi OCT lilibe mkangano waukulu. Kafukufuku wa OCTIVUS wa ku South Korea, wa odwala 2,008, anayerekeza ziwirizi ndipo anapeza mavuto mwa 2.5 peresenti ya a OCT ndi 3.1 peresenti ya a IVUS patatha chaka, kutanthauza kuti palibe chomwe chinaposa chinzake moonekeratu. Kusankha kumadalira wodwala ndi malo. IVUS imayenera bwino pakhomo penipeni pa mtsempha, pomwe n'kovuta kuchotsa magazi, pa mitsempha ikuluikulu, pa mtsempha wotsekeka kotheratu kwa nthawi yaitali, ndi pa odwala impso. OCT imayenera bwino poyeza kuchindikala kwa kashiamu, poona timawaya pamphambano, ndi pofufuza chomwe chachititsa kuti sitenti yakale ilephere. Nthawi zambiri chipangizo choyenera ndi chomwe dokotalayo amachidziwa bwino.

Kukambirana konseku kuli ndi malire omwe sayenera kuiwalika. Kujambula m'kati kumathandiza kuika sitenti bwino, koma kawirikawiri sikuyankha ngati sitentiyo ikufunika. Pa heart attack, kutsegula mtsempha msanga kumapulumutsa moyo, ndipo pamenepa palibe chikayiko. Koma kwa anthu omwe matenda awo ndi okhazikika, akafukufuku a COURAGE mu 2007 ndi ISCHEMIA mu 2020, wachiwiriyu wa odwala 5,179, sanapeze kuti kuthamangira kutsegula mtsempha kumachepetsa imfa poyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala, ngakhale kumachepetsa kuwawa kwa pachifuwa. Poweruza ngati malo ofinyika akulepheretsadi magazi, madokotala amadalira kwambiri kuyeza mphamvu ya magazi kutsogolo kwa malowo. Chosiyana ndi mtsempha waukulu wakumanzere, pomwe IVUS imathandiza pa chigamulocho: ambiri amausiya osaukhudza ngati njira yake ikupitirira masikweya milimita 6. Kwinaku, sitenti yosafunika imakhalabe yosafunika ngakhale itaikidwa mwaluso lotani.

Nkhaniyi imafikanso mabanja a ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, pakuti odwala mtima ambiri ofunika sitenti amapita ku India kapena ku South Africa, ndipo pa pepala la mtengo wa chithandizo nthawi zina pamaoneka IVUS kapena OCT ngati ndalama yoonjezera. Banja lomwe lasonkha ndalama movutikira lili ndi chifukwa chofunsa. Mafunso oyenera ndi osavuta: vutoli lili pa mtsempha waukulu wakumanzere kapena pamphambano? Malo odwalawo ndi aatali kapena ouma ndi kashiamu? Impso zili bwanji? Dokotalayo amagwiritsa ntchito chipangizochi kawirikawiri? Pali chinanso choyenera kuganizira kwa wodwala wochokera kutali. Sitenti ikalephera iye atabwerera kwawo, chipatala chotha kuikonza chingakhale patali kwambiri, motero kuiika bwino ulendo woyamba kumalemera kwa iye kuposa kwa munthu wokhala pafupi ndi chipatalacho. Pa chifukwa chomwecho, ndalama yojambulira isadye ya mankhwala oletsa magazi kuundana omwe ayenera kumwa kwa miyezi ingapo akabwerera, chifukwa kusiya mankhwalawo msanga n'koopsa kuposa kusajambulidwa.

Zonse zikaikidwa pa sikelo, umboni ukulemerera ku mbali ya kujambula m'kati, koma osati mofanana kwa aliyense. Pa mtsempha waukulu wakumanzere, pamphambano, pa malo aatali kapena ouma ndi kashiamu, pa sitenti yakale yolephera, ndi pa odwala impso, chipatala chomwe chili ndi chipangizo ndi dokotala wochidziwa chiyenera kuchigwiritsa ntchito, ndipo amene wasankha kuchisiya ndiye ayenera kufotokoza chifukwa chake. Pa malo aafupi ndi osavuta mu mtsempha waukulu bwino, ekisire yoyezedwa mosamala ndi sitenti yotambasulidwa mokwanira zikadali chithandizo chovomerezeka, ndipo kujambula kungaonjeze pang'ono chabe. Kumene ndalama zili zochepa, chanzeru ndi kusungira zipangizozi odwala omwe ngozi yawo ndi yaikulu, ndi kuika maphunziro a madokotala patsogolo pa kugula makina ambiri. Chigamulochi chikhoza kusintha akafukufuku ena akamatuluka, makamaka ochitika kunja kwa zipatala zazikulu za ku Asia, chifukwa amenewo ndiwo adzaonetse ngati phindu lomwe lapezeka m'manja mwa akatswiri ozolowera lingapezekenso m'manja mwa dokotala wamba.